BUKU LA CITSIME NDILO MBONI YA MUDZI

Akulu akale anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Mau amenewa anaonekera poyera m'caka ca 2024 pamene mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti cirala cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Njala sinabwere yokha, pakuti m'midzi yambiri zitsime zinaphwa msanga, ndipo azimai anali kulawira mbandakuca kukafukula mcenga m'mitsinje.

Madzi a pansi pa nthaka ndi mvula yomweyo imene inalowerera m'dothi. Ku Cigawo ca Kum'mawa, m'maboma monga Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, malo ambiri ali ndi thanthwe lolimba pansi, ndipo madzi amasungika m'ming'alu ndi m'miyala yofumbutuka pamwamba pa thanthwelo. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Munthu mmodzi akakumba mjigo wakuya pafupi ndi mudzi naikapo pampu ya injini kapena ya mphamvu ya dzuwa yothirira munda waukulu, madzi a m'zitsime za anzake angathe kutsika. Tsono mlandu ukabuka, adzaucitira umboni ndani?

Lamulo la madzi la m'nthawi ya atsamunda linali kusamala za mitsinje, koma za madzi a pansi silinali kulamulira. M'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, nambala 21, limene linabala bungwe la WARMA loyang'anira madzi onse a dziko lino. Lamuloli linena kuti madzi akumwa, ophikira ndi a nchito zina za pakhomo ndiwo ayenera kukhala patsogolo pogawa madzi, ndipo wotunga madzi otere safunika cilolezo. Wofuna madzi ambiri a malonda ndiye ayenera kupempha cilolezo. Kuyambira m'caka ca 2018, makampani okumba mijigo ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo mjigo uliwonse uyenera kulembetsedwa.

Koma akuluakulu a WARMA sangafike pa citsime ciriconse mwezi ndi mwezi. Nchito yoyang'anira madzi iri m'manja mwa eni mudzi, makamaka makomiti a V-WASHE amene asamala kale zitsime ndi mijigo, ndipo siifuna ndalama zambiri. Cofunika ndi cingwe, mwala, buku ndi pensulo.

Mangani mfundo pa cingweco motalikirana theka la mita, ndipo kunsonga kwake mumangeko mwala woyera. Lembani cizindikiro pakamwa pa citsime kuti popima muziyambira pamalo amodzimodzi. Tsitsani cingwe kufikira mwala utakhudza madzi, muwerenge mfundo, nimulembe m'buku pamodzi ndi tsiku lake. Citani zimenezi kamodzi pamwezi, m'mamawa anthu asanayambe kutunga, cifukwa masana madzi amakhala atatsika kale. Pa mjigo wa manja cingwe sicingalowe, motero werengani kuti mwapopa kangati kuti cigubu ca malita 20 cidzale. Ciwerengero cikayamba kukwera, itanani wokonza mijigo aone mphira ndi mapaipi. Ngati zonsezo ziri bwino, ndiye kuti madzi akutsika. Lembaninso masiku amene mvula yagwa, ndi tsiku limene mjigo watsopano wakumbidwa m'dera lanu.

Caka cimodzi cokha sicinena zambiri, pakuti madzi amatsika m'cilimwe ciriconse nakweranso mvula ikagwa. Phindu la buku lioneka poyerekeza Okutobala wa caka cino ndi Okutobala wa caka catha. Madzi akatsika m'caka ca cirala, mudzi udziwiratu nupangana msanga maola otungira ndi komwetsera ng'ombe. Koma akatsika m'caka ca mvula yabwino, patangopita miyezi yocepa mjigo wa mnansi utayamba kupopa, komiti ipite ndi bukulo kwa anyakwawa, kwa mfumu, ku Khonsolo ndi ku WARMA. Dandaulo la pakamwa limatsutsika, koma manambala a miyezi 24 olembedwa mwadongosolo ndi obvuta kuwakana.

Buku limeneli lisakhale la munthu mmodzi. Azimai, amene adziwa citsime koposa wina aliyense, akhale pakati pa opima ndi olemba. Aphunzitsi angathandize ndi ana a sukulu odziwa masamu, ndipo zolembedwazo ziziwerengedwa pamsonkhano wa mudzi kuti wina asadzanene kuti zinapekedwa kumbali. Pomweponso komiti ione kuti zimbudzi ndi makola ziri kutali ndi citsime, mamita osacepera 30.

Mafumu, makhansala ndi makomiti a m'midzi, musadikire cirala cina. Yambani kupima mwezi uno, madzi akali m'citsime.