Yezani batire la njinga yamagetsi musananyamuke ndi zokolola

Ngati mumanyamula tomato kapena ndiwo zamasamba pa njinga yamagetsi kuchoka ku Mchengautuwa, dziwiranitu mtunda umene batire lingakufikitseni, kuopa kuti moto ungakuthereni panjira katundu n'kufota.

Batire la lithium lolembedwa 48V likadzaza limaonetsa mavoti 54.6. Likaonetsa 48, moto watsala pafupifupi theka. Likafika pa 42, latsala pang'ono kuzima. Yezani njinga itapuma kwa mphindi zingapo, chifukwa mavoti amatsika mota ikamakoka.

Kuti mupeze mtunda, chulukitsani mavoti ndi nambala ya Ah yolembedwa pa batirelo. Mwachitsanzo, 48 kuchulukitsa ndi 12 ndi 576 Wh. Njinga yolemedwa ikamadya 20 Wh pa kilomita, batire lodzaza likuyendetsani makilomita pafupifupi 29, la theka 14 okha.

Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Ekwendeni ndi makilomita pafupifupi 20. Kupita n'kubwera batire lotere silingakwanitse, choncho tengani tchaja.

Zitunda, mchenga, matayala opanda mpweya wokwanira ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi zimafupikitsa mtunda. Pokwera chitunda muzipalasako.