Masheya anu akwera, inde, koma kodi aposa msika?

Ndalama za fodya zikalowa ku Bolero, Mhuju ndi Hewe, zambiri zimathera ku malata, njinga zamoto ndi banki mkhonde. Koma alipo ena, makamaka aphunzitsi ndi abizinesi a pa Rumphi Boma, amene ayamba kugulako masheya pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Ukawafunsa mmene zikuyendera, yankho limakhala loti "zikukwera bwanawe." Vuto nlakuti kukwera kokhako sikukuuzani ngati munasankha bwino.

Msikawu, womwe unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO, uli ndi muyeso wake wotchedwa MASI. Muyesowu umaphatikiza mitengo ya makampani onse a pamsika, monga National Bank, Standard Bank, Illovo, TNM, Airtel ndi Press Corporation, n'kutulutsa nambala imodzi. Nambalayo ndiye mpikisano wanu.

Tiyerekeze kuti mu Januwale 2024 munaika K500,000 ndipo pofika Disembala masheyawo anali a K650,000. Mwapindula 30 peresenti, zosangalatsa ndithu. Koma chaka chimenecho MASI inakwera ndi pafupifupi 55 peresenti. Ndiye kuti munthu amene anangogula pang'onopang'ono m'makampani akuluakulu, osadzivutitsa n'kusankha, mwina anakusiyani kutali.

Kulondola zimenezi sikufuna kompyuta ayi, kope la K500 likwana. Lembani tsiku logula, chiwerengero cha masheya, mtengo wake, ndalama imene broker wadula, komanso nambala ya MASI ya tsikulo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse lembaninso mitengo ndi MASI. Zimatuluka m'nyuzipepala ndi pa tsamba la msikawu pa intaneti. Mukaonjezera ndalama pakati pa chaka, tinene mutagulitsa khofi wa ku Phoka, itsegulireni mzere wake ndi MASI yake. Ambiri amasokonezeka pomwepa, amawerenga ndalama yoonjezerayo ngati phindu. Dividendi nayo ilembeni padera, msonkho utachotsedwa kale.

Tsono pali nkhani ya masheya "otchipa." Sheya ya K10 siyotchipa kuposa ya K1,000 chifukwa cha mtengo wokhawo. FDH Bank inalowa pamsika mu 2020 pa K10, Airtel pa K12.69, koma manambalawa paokha sanena kanthu. Funso ndi lakuti mukulipira makwacha angati pa kwacha imodzi ya phindu limene kampani yapanga pa chaka. Akadaulo amati P/E. Kampani A ikamagulitsidwa pa K60 pamene phindu lake ndi K10 pa sheya, P/E yake ndi 6. Kampani B ya K20 yopanga tambala 50 pa sheya, P/E ndi 40. Yotchipa apa ndi A, ngakhale mtengo wake ukuoneka wokwera. Komabe samalani, nthawi zina sheya imatchipa chifukwa kampaniyo ili pamavuto, ndipo ogula ena anaona kale zimenezo inu musanaone.

MASI nayonso ili ndi khalidwe lake. Makampani akuluakulu ndiwo amaikoka kwambiri, ndipo kwathu kuno ambiri mwa iwo ndi mabanki. Ngati kope lanu lili ndi mahotela ndi makampani a nyumba okhaokha, mutha kutsalira miyezi yambiri popanda cholakwika chilichonse. N'chifukwa chake ine ndimati mwezi umodzi siwoweruzira, dikirani zaka ziwiri kaya zitatu. Dziwaninso kuti masheya ena amatha masiku osagulidwa, choncho mtengo wa m'kope si ndalama ya m'thumba.

Mzere wotsiriza m'kopemo ukhale mtengo wa thumba la feteleza pa Boma. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati K500,000 yanu inkagula matumba asanu ndi limodzi, ndipo K650,000 ikugula asanu, phindu la 30 peresenti lija lili papepala basi.