Aphunzitsi a Ana Aang'ono ndi Kabati ya Mabuku

Pa ntchito zonse zimene ndidaona anthu akugwira ndi manja awo, kaya ya mmisiri wa matabwa, ya woumba mbiya kapena ya wosula makasu, palibe imene idandigwira mtima monga ya mayi wina wophunzitsa Sitandade 1 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza, amene, posowa mabuku okwanira ana ake, ankapita kwa eni magolosale tsiku la msika kukapempha makatoni otha ntchito a sopo ndi a shuga, nawadula bwinobwino ndi mpeni wa kunyumba, nalembapo maphatikizo ndi makala, nawapachika pa chingwe cha khonje chimene adachimanga pakati pa mitengo iwiri ya mango. Mphepo ikawomba, ba ndi be ndi bi ankagwedezeka pamwamba pa mitu ya ana oposa 100 okhala pa fumbi. Ndipo mwana akatchula bwino phatikizo limene amulozera, mphotho yake inali kulichotsa pa chingwepo ndi kulisunga m'manja kufikira nthawi yoweruka. Ku koleji luso lotere amalitcha TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwepo, koma chimene maso anga adaona ndi tiana ta zaka 6 tikulimbirana chidutswa cha katoni chifukwa cha zilembo ziwiri zolembedwapo.

Njira imene mphunzitsi wa pulayimale amadzera asanaime pamaso pa ana njodziwika, ndipo sindichedwapo. Akakhoza mayeso a Fomu 4 amakalowa koleji ya aphunzitsi, kaya ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Karonga, ku Machinga kapena ku St Joseph ku Bembeke, naphunzira zaka ziwiri, nthawi ina ali pa koleji, nthawi ina ali pa sukulu yoyesererapo. Akayamba ntchito, masiku ake amathera pa kulemba masikimu, kuitana mayina m'kaundula, kuchonga makope, kuyang'anira mzere wa phala ndi kuweruza milandu ya mapensulo obedwa.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi china. Kudziwa kuwerenga mwana angakuphunzire kwa aliyense wokhala ndi choko ndi ndodo yolozera pa bolodi, koma kukonda kuwerenga amachita kutengera kwa munthu amene wamuona ndi maso ake akukondwera ndi buku. Ndipo popeza m'nyumba zambiri za kumudzi mulibe buku lina koma Buku Lopatulika ndi la nyimbo, amenenso amatuluka m'sutikesi Lamulungu lokha, munthu ameneyo kawirikawiri amakhala mphunzitsi. Amene adaphunzira pa mapazi a aphunzitsi akale akukumbukira machitidwe awo. Dzuwa likakwera, ana atatopa ndi masamu, mphunzitsi wotere ankatulutsa buku m'thumba la jekete, nakhala pa ngodya ya tebulo, nayamba kuwerenga mosafulumira, mawu a mfumu akuwakuza, a nkhalamba akuwanjenjemeretsa, a mwana akuwachepetsa, ndipo pofika pamene nkhani yakoma, mlandu uli pafupi kugamulidwa, ankatseka bukulo nati, “Zotsalazo mawa.” Ana ankadandaula kuti, “Aphunzitsi, pitirizani pang'ono chabe!” koma iye, podziwa chimene akuchita, ankalisiya dala bukulo pa tebulo natuluka ngati wofuna kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo pobwerako ankapeza timitu tambiri titaunjikana pa tsamba limodzi, wina akulondola mzere ndi chala, anzake akumukonza akaphonya.

Lusoli silidachokere kutali, pakuti ndi lomwe lija la agogo pa moto madzulo, oyamba nthano ndi “Padangokhala,” ana navomera “Tili tonse”. Mphunzitsi adangolisamutsa kulichotsa pa bwalo kuliika pa pepala. N'chifukwa chake sindidabwa kuti Samuel Josia Nthara, mlembi wa Nthondo, buku limene lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wozolowera kuyang'ana nkhope za ana ndi kuzindikira pamene tcheru lawo layamba kuthawa. Mabuku ngati Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, kapena Kokha Mcheperawakalulu la E. J. Chadza, ambiri adayamba kuwamva ndi makutu m'kamwa mwa mphunzitsi asanawagwire ndi manja.

Luso limeneli likuzilala, ndipo aphunzitsi eni ake sabisa chifukwa chake. M'chaka cha 1994, boma litathetsa fizi ku pulayimale, ana adakhamukira ku sukulu kotero kuti chiwerengero chawo chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chokoma ndi choyenera kuyamika, pakuti mwana wa mmphawi naye adauona mkati mwa kalasi. Koma pofuna kuti khamu lonselo lipeze woliimira patsogolo, adalembedwa ntchito anyamata ndi atsikana zikwizikwi amene adangolangizidwa masabata owerengeka, ndipo kuthithikana kumene kudayamba nthawi imeneyo sikudathe kufikira lero lino. Mlingo umene boma limafuna ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, komabe m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri kupeza ana oposa 100 si chachilendo. “Pofika Lachinayi mawu amakhala atatha,” amatero amadamu a Sitandade 1, “nanga nthanoyo ndiiwerenga ndi khosi liti?” Ena amati, “Mwana wakumbuyo sindimudziwa ngakhale dzina, ndimangoona mutu wake.” Enanso amati, “Mitambo ikangoda kalasi yatha, poti denga lathu ndi masamba.” Ndipo a ku Mangochi ndi ku Rumphi amawonjezapo cholemetsa chawochawo, chakuti mwana woyamwa Chiyao kapena Chitumbuka ayenera kuphunzira zilembo ndi chinenero chatsopano nthawi imodzi.

Koma chimene chimandipweteka koposa zonse ndi kabati. Lowani mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu zambiri za kumudzi, ndipo pa ngodya mudzaona kabati yachitsulo kapena bokosi la matabwa lokhoma ndi loko wamkulu, m'kati mwake muli mabuku a nthano okongola zithunzi, ena ochokera ku boma, ena opatsidwa ndi mabungwe, ambiri a iwo masamba ake asanatsegulidwe n'kamodzi komwe, fungo la fakitale likadali momwemo, pamene kunja kwa zenera ana asanu akukanganirana buku limodzi long'ambika chikuto. Kiyi wake amakhala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo munthuyo akapita ku msonkhano wa ku zoni kapena ku maliro, sukulu yonse imaweruka osaona tsamba. Sindifuna kuwaweruza mopanda chifundo aphunzitsi aakuluwa, pakuti mantha awo ali ndi maziko. “Akabwera alangizi adzawerenga mabukuwa limodzilimodzi,” amatero, “ndipo likasowa afunsa ine, osati mwana.” “Mukampatsa mwana kuti apite nalo kwawo, mawa mukalipeza pa msika atakulungira zitumbuwa, kapena agogo ake atapichira fodya.” “Akatha awawa, ena adzabwera liti?” Zonsezi n'zoona, ndipo masamba a mabuku a sukulu ndidawaonadi atakulunga usipa. Komabe mtima wanga sukhazikika, chifukwa buku lotsekeredwa silipulumuka ayi: chiswe chimalowa cha pansi, mvula imadontha cha pamwamba, silabasi imasintha, ndipo tsiku lotsegula kabatiyo amapezamo mulu wa dothi kapena mabuku amene nthawi yake idapita. Mdindo wotere afanana ndi kapolo uja wa m'fanizo amene, poopa mbuye wake, adakumba pansi nakwirira ndalama imene adapatsidwa kuti achite nayo malonda. Koma pano mlandu waukulu uli pa iwo amene amawerenga mabuku otsala m'kabati, osafunsa kuti ndi ana angati amene awawerenga.

Kuti kabati yotsegula ingabale zotani, dziko lonse lidaonera pa William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene, atasiya sukulu ya sekondale posowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko, kumene mayi wina mphunzitsi wosunga mabukuwo ankamulola kubwereka, namuthandizanso pa mawu a Chingerezi omuvuta. Ndipo m'buku lina lotchedwa Using Energy ndi mmene mnyamatayo, ali ndi zaka 14, adaona chithunzi chimene chidamutsogolera kupanga makina oyendera mphepo opatsa magetsi pa nyumba ya makolo ake. Anthu amatama mnyamatayo, ndipo n'koyenera. Ine ndimaganizanso za mayi amene adapereka buku la sukulu kwa mwana wosakhala m'kaundula wa sukuluyo.

Palinso nkhani ya m'thumba, imene aphunzitsi saichedwetsa mukakhala nawo pansi. Wotsiriza koleji amatha kukhala pakhomo chaka, mwina zaka, akudikira kalata yomutumiza ku sukulu. Wolembedwa kale malipiro ake amathera pa ngongole za katapila mwezi usanafike pakati, nayamba geni ya mandasi, ulimi wa tomato kapena kuphunzitsa ana a anthu opeza bwino madzulo. “Ndigule buku kapena ndigule thumba la feteleza?” amafunsa motero, ndipo ndani angawayankhe? Chotsatira chake n'chakuti alipo aphunzitsi ambiri amene, kupatula buku la mphunzitsi ndi mauthenga a pa foni, chaka chimatha osawerenga kanthu kodzikondweretsa nako, ndipo chimene munthu alibe sangagawire ana. Pamwamba pa izi, ulemu wonse pa sukulu umapita kwa wophunzitsa Sitandade 8, chifukwa ndiye amatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku sekondale, makolo namubweretsera nkhuku. Pamene wa Sitandade 1, amene amagwira chala cha mwana nachiyendetsa pa mchenga kufikira chitaumba a woyamba, amayesedwa mlezi wamba, ndipo kalasi yakeyo ena amaitenga ngati chilango. Makolo athu adati m'mera mpoyamba, koma ife mmisiri wodziwa timamusungira nthawi yokolola.

Kuyambira mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko yophunzitsira kuwerenga m'dziko lonse, ya Sitandade 1 kufikira 4, imene imamuyalira mphunzitsi phunziro lililonse mwatsatanetsatane: ayambe yekha kutchula liwu la lembo, kenaka atchule pamodzi ndi ana, potsiriza ana atchule okha. Ndondomekoyi ndiiyamikira, pakuti yapatsa poyambira ngakhale mphunzitsi wosazolowera, ndiponso idafikitsa mabuku m'manja mwa ana ambiri amene kale ankangoyang'ana pa bolodi. Koma aphunzitsi ena okhwima pa ntchito amadandaula kuti mphindi zonse zidawerengedweratu, kotero kuti yopumira ndi kukamba nthano yosakhala m'bukumo siipezeka, ndipo amene amaiwerengabe amachita kuba nthawi ya phunziro lina, akuyang'ana ku msewu ngati kukubwera njinga yamoto ya alangizi. Ndikawafunsa chimene angapemphe atapatsidwa mwayi wolankhula pamaso pa akuluakulu a ku Capital Hill, amayamba ndi malipiro ndi nyumba, monga aliyense angayembekezere. Koma mukadekha nawo pang'ono amafika pa pempho lina laling'ono, lakuti kiyi wa kabati azikhala ndi mphunzitsi wa kalasi, ndi kuti buku likang'ambikira m'manja mwa mwana, wolibwereketsayo asaitanidwe ku ofesi kukayankha mlandu.