Chakudya cha Ovutika Tizisonkha Pokolola

Boma la Angónia amalitcha nkhokwe ya chigawo cha Tete, ndipo m'pake: chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere zimachoka kuno n'kukadyetsa anthu mumzinda wa Tete. Koma pitani ku Dómuè kapena m'midzi yozungulira Ulónguè mu Januwale, mukapeza agogo olera ana amasiye akugonera nkhwani wopanda nsima.

Ine ndimauza a m'miphakati ndi m'mipingo kuti asadikire njala ifike. Sonkhani mu Meyi kapena Juni, chimanga chili mbwee pakhomo, mavenda asanachitole chonse. Nthawi imeneyo ndowa imodzi pa banja siipweteka. Mu Febuluwale munthu yemweyo adzakuuzani kuti alibe, ndipo sadzakhala akunama.

Kachewere musasunge, sachedwa kuwola. Gulitsani, ndalamazo mugulire nyemba. Chimanga chiume bwino, muthire mankhwala a anankafumbwe, matumba asanjidwe pa mitengo osati pansi.

Povuta kwenikweni ndi pa mayina a olandira, pakuti aliyense ali ndi mbale wake. Awerengedwe poyera, amfumu ndi anyakwawa ali pomwepo, ndipo makiyi a mosungira chakudyacho asungidwe ndi anthu awiri osiyana banja. Patulaninso ndalama ya chigayo, chifukwa agogo aja alibe yokagayitsira.