KUMANGIDWA KOPANDA MLANDU

Munthu akaba njinga ku Nakoli kapena ku Bwacha, apolisi amamgwira namtengera ku bwalo la milandu. Kumeneko amamuuza colakwa cace, mboni zimalankhula, iyenso amayankha, ndipo woweruza amachula masiku amene adzakhale m'ndende. Koma pali kumanga kwina kumene sikutsata njira imeneyi. Boma likalengeza kuti dziko liri pa ngozi, limadzipatsa mphamvu yakutsekera munthu popanda kumzenga mlandu. Palibe mboni, palibe woweruza, ndipo womangidwayo sadziwa tsiku lakuturuka. Samangidwa cifukwa ca cimene wacita, koma cifukwa ca cimene Boma liganiza kuti angacite.

Anthu a maiko ano anaona kumanga kotere m'caka ca 1959. Kuyambira 1953, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland analumikizidwa m'Citaganya cimene eni dziko anacikana, poopa kuti nthaka yao ndi ulamuliro wao zidzagwa m'manja mwa Azungu a ku Salisbury. Amene anatsogolera kukanako anali a Congress, ndipo sanapemphe cina koma kuti munthu wakuda akhale ndi mau m'dziko la makolo ace.

Southern Rhodesia ndiyo inayamba, pa 26 February, kugwira anthu pafupifupi 500. Pamenepo nkuti Sir Roy Welensky, Nduna Yaikuru ya Citaganya, atatumiza kale asilikari ku Nyasaland. Pa 3 March, mbandakuca, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la ngozi, ndipo apolisi ndi asilikari anagogoda pa makomo anthu ali m'tulo. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatengedwa pa nyumba yace ku Limbe, nakwezedwa ndege kunka ku ndende ya Gwelo. Komweko anatsekeranso Henry Chipembere ndi Dunduzu Chisiza. Ena anawasunga m'mpanda wa waya ku Kanjedza, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo. Onse omangidwa ku Nyasaland anaposa 1,300, ndipo mwa iwo munali aphunzitsi, makalaliki ndi alimi.

Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay omangidwa anali atalowetsedwa m'sitima ya pa nyanja yochedwa Mpasa. Khamu la anthu linasonkhana pa doko kufuna kuti abale ao amasulidwe. Asilikari a Royal Rhodesia Regiment anaombera, ndipo anthu osacepera 20 anafa. Nkhani yotere siinali ya kutali kwa anthu a ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, pakuti pa mgodi wa mtovu ndi pa njanje panali anchito ambiri ocokera ku Nyasaland, amene kwao kunali kumene kunalira mfutiko.

Ku Northern Rhodesia nako moto unafika. Kumapeto kwa 1958 Kenneth Kaunda, Simon Kapwepwe ndi anzao anapatukana ndi Harry Nkumbula nayambitsa Zambia African National Congress, ndipo Broken Hill ndiye analandira msonkhano wao waukuru woyamba. Iwo anauza anthu kuti asaponye nao voti pa cisankho ca March 1959, popeza malamulo ace analola anthu akuda owerengeka okha. Patatsala masiku pang'ono kuti cisankho cicitike, Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipanico, nathamangitsira atsogoleri ace ku madera akutali. Kaunda anamtumiza ku Kabompo, kumene analibe mbale ndipo cinenero cinali cacilendo. Pambuyo pace anamzenga mlandu, namlamula kukhala m'ndende miyezi 9, ku Lusaka ndi ku Salisbury.

Boma la Nyasaland linanena kuti linamanga anthu cifukwa Congress inapangana zakupha Azungu, Amwenye ndi mafumu. Boma la Britain linatumiza woweruza wamkuru, Sir Patrick Devlin, kudzafufuza. M'mwezi wa July 1959 iye ndi anzace analemba kuti umboni wa cipangano cakupha anthu onsewo sunapezeke, kuti anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'masiku a ngoziwo, ndiponso kuti Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, m'mene munthu sakanatha kuyamikira Congress popanda mantha. Apa ndipo paoneka kuipa kwace kwa kumanga kopanda mlandu: mau amene anamangitsa anthu sanayesedwe pa bwalo, ndipo pamene anayesedwa, anapezeka opepuka.

Ndende siinazime moto. Kaunda anaturuka mu January 1960 nakhala mtsogoleri wa UNIP, Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April 1960. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo mu 1964 Malawi ndi Zambia analandira ufulu.

Koma msampha umene atsamunda anachera sunaonjoledwe. Eni ace atsopano anausunga. Ku Zambia lamulo la ngozi limene linalengezedwa mu July 1964 linakhalapo kufikira 1991. Mu February 1972 Boma la Kaunda linatsekera Kapwepwe, bwenzi lace la paubwana, pamodzi ndi anthu oposa 100 a cipani cace. Mu 1981 linatsekera Frederick Chiluba ndi atsogoleri ena a mabungwe a anchito. Ku Malawi nako Boma la Dr. Banda linadzaza ndende ya Mikuyu ndi anthu osazengedwa mlandu; mphunzitsi ndi mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'menemo kuyambira 1987 kufikira 1991.

Ndipo nkhani inabwerera ku Kabwe. Mu October 1997 asilikari ena anayesa kulanda Boma, ndipo Chiluba, amene tsopano anali Pulezidenti, analengeza lamulo la ngozi. Pa tsiku la Krisimasi, Kaunda, nkhalamba ya zaka 73, anagwidwa pa nyumba yace ku Lusaka, ndipo posacedwa anamtengera ku ndende ya Mukobeko. Anakana kudya kufikira Julius Nyerere anabwera kudzamdandaulira. Pambuyo pace anamtsekera m'nyumba yace, ndipo mu June 1998 Boma linasiya mlanduwo.

Cotero womangidwa wa 1959 anamanga wa 1981, ndipo wa 1981 anamanga wa 1959. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Munthu wa pa mgodi kapena wa pa msika akamva kuti wina watengedwa usiku, asayambe wafunsa kuti ngwa cipani citi. Mafunso oyenera ndi atatu: wamangidwa pa mlandu wanji, akusungidwa kuti, ndipo adzaonekera liti pamaso pa woweruza. Boma limene liri ndi umboni silicedwa kuyankha mafunso amenewa.