M'mera Mpoyamba: Tiana ta Salimoni pa Gombe la Puget Sound

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, m'chigawo cha Washington, kumene nyanja yamchere ya Pacific imalowa m'kati mwa mtunda n'kupanga magombe okhotakhota otchedwa Puget Sound, kuli nsomba ya salimoni, imene imaswedwa pakati pa timiyala ta m'mitsinje yozizira ya kumapiri, nitsikira kunyanja ikadali yaing'ono, nikhala kumeneko zaka zingapo, kufikira itabwerera ku mtsinje womwewo wa kubadwa kwake kukaikira mazira ndi kufa. Amene anaonapo mpasa ikukwera mtsinje wa Bua ku Nkhotakota adzaumva msanga ulendo wotere, ngakhale mpasa siidziwa madzi amchere.

Anthu amatamanda nsomba yaikulu yolumpha mathithi, koma akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo tsogolo la salimoni limagamulidwa pamene ili yotalika ngati chala cha munthu. Kamwana ka mtundu wa Chinook kakafika pa mathiriro a mtsinje, pamene madzi abwino amasanganikirana ndi amchere, sikathamangira kwakuya, koma kamatsotsa masabata kapena miyezi m'timifuleni ta m'dambo timene timadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kakudya tizilombo togwa kuchokera m'mitengo ya m'mbali ndi tinkhanu tating'onoting'ono ta m'matope, thupi lake likuzolowera mchere pang'onopang'ono. Kakachoka apo kamayenda kotsata gombe, m'madzi osaya mmene nsomba zolusa sizifika kawirikawiri, kakubisala mu udzu womera pansi pa madzi. Ndipo kamene kalowa m'nyanja yaikulu katanenepa ndiko kamene kali ndi mwayi wodzabweranso.

Tsono malo opapatiza amenewa ndiwo amene munthu anawasirira koposa. Alimi a zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900 anaunda mipanda ya dothi kutsekereza madzi a m'nyanja, nasandutsa madambo kukhala minda ndi mabusa a ng'ombe. Mu mzinda wa Seattle, mtsinje wa Duwamish, umene kale unali kuyenda mokhotakhota m'matope odzala chakudya, unawongoledwa ndi kukumbidwa kuti zombo zipite, kotero kuti pafupifupi dambo lake lonse linakwiririka pansi pa mafakitale ndi doko. Eni nyumba za m'mbali mwa nyanja, poopa kukokoloka kwa nthaka yawo, anamanga makoma a simenti ndi miyala, mpaka gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a gombe lonse linatchingidwa. Ndipo kumene kuli khoma mchenga umatha, mitengo imadulidwa, ndi madzi osaya amasanduka akuya. Ngakhale mthunzi wa milatho yokocheza zombo uli msampha, pakuti tiana timeneti timasaka chakudya ndi maso, ndipo tikafika pa malire a mdimawo timazengereza, kapena kupatukira kwakuya kumene adani atidikira. Mu 2020 akatswiri a ku University of Washington ndi anzawo anapezanso kuti mankhwala otchedwa 6PPD-quinone, ochokera ku matayala a galimoto, amakokoledwa ndi mvula kulowa m'mitsinje napha salimoni ya mtundu wa coho m'maola owerengeka.

Zipatso za ntchito zimenezi sizinabisike, pakuti mu 1999 boma la America linalemba Chinook ya ku Puget Sound m'kaundula wa zamoyo zoopsezedwa kutha, ndipo anamgumi a m'deralo, amene chakudya chawo chachikulu ndi nsomba yomweyi, anacheperachepera. Mu 2018 dziko linaona mmodzi wa iwo, wotchedwa Tahlequah, akunyamula mwana wake wakufa masiku 17 osamtaya.

Koma panali anthu amene sanaleke kuchenjeza, ndiwo mafuko a eni nthaka, monga Anisqually, amene pa pangano la Medicine Creek la 1854 anapereka dziko lawo nasunga ufulu wosodza m'malo a makolo awo. Mmodzi wa ana awo, Billy Frank Jr., anamangidwa koposa maulendo makumi asanu chifukwa choponya ukonde mu mtsinje wa Nisqually, kufikira mu 1974 woweruza George Boldt anagamula kuti theka la nsomba zololedwa kugwidwa n'la mafukowo. Mu 2009 mpanda wakale wa pa mathiriro a mtsinjewo unagumulidwa, madzi a m'nyanja nabwerera pa maekala 762 amene anauma zaka zoposa 100, ndipo tiana ta Chinook tinayambanso kudya m'timifuleni take. Nawo mzinda wa Seattle, pomanganso khoma lake la kudoko, ntchito imene gawo lake lalikulu linatha mu 2017, unaika magalasi m'njira ya anthu oyenda pansi kuti kuwala kufike m'madzi, nuumba mashelefu osaya m'munsi mwa khomalo kuti tinsombato tipeze podzera.

Ntchito zimenezi n'zoyamikika, koma n'zochepa pozilinga ndi zimene zinawonongeka, ndipo mafukowo akhala akunena mosabisa kuti theka la nsomba lilibe phindu ngati nsombayo palibe. Mwa ichi anabwereranso kubwalo, ndipo mu 2018 Khoti Lalikulu la America linasiya chiimire chigamulo cholamula boma la Washington kukonza makalavati a pansi pa misewu amene amatsekereza salimoni. Chiphunzitso chake n'choyenera kuchimva mtundu uliwonse umene umadya za m'madzi: amene alonjeza mnzake nsomba, walonjezanso kusunga dambo ndi gombe limene nsombayo imakuliramo.