Dokotala Akati Diso Lichotsedwe, Kodi Mkhristu Avomere?

Lero tikambirane za mau amene amagwetsa mphwayi banja lonse, mau akuti diso lichotsedwe.

Kuno ku Chamama vutoli limayamba ndi kanthu kochepa. Munthu ali kupalira chimanga kapena kusoka fodya m'chigafa, tsamba kaya kachitsotso nkumukanda m'diso. Pamenepo pamabuka kachilonda, tizilombo nkulowapo. Ambirife, m'malo mothamangira ku chipatala cha Kasungu, timayamba tadonthezeramo madzi a zitsamba. Mu 1994 madokotala anaonetsa kuti mwa odwala zilonda za m'maso amene anawapima m'midzi ya Malawi, mmodzi mwa atatu anali atathiramo kale mankhwala achikuda. Masiku akapitapo chilonda chimaboola, mafinya nkudzaza m'kati, diso nkufa. Wodwala sagona ndi ululu, ndipo matendawo angathe kufalikira mpaka ku ubongo.

Zikafika apo, madokotala a maso, monga a ku Nkhoma kapena a ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ali ndi njira ziwiri. Mwina amachotsa zam'kati zokha nasiya chikopa choyera chija, mwina amachotsa diso lonse. M'malo otsalawo angathe kuikamo kampira kakang'ono, ka mamilimita ngati 20, kuti nkhope isalowe m'kati. Bala likapola, patapita milungu ngati 6, amaika pamwamba pake diso lopanga. Ndinene poyera: diso limeneli siliona. Limangobweza maonekedwe a nkhope, kuti munthu ayende pakati pa anzake wopanda manyazi.

Tsono ena amafunsa kuti, "Bambo, kodi sikuchimwa kuchotsa chiwalo chimene Mulungu analenga?" Iyai. Mu 1953 Papa Pius XII anaphunzitsa kuti chiwalo chimene chikuika thupi lonse pangozi chingathe kuchotsedwa kuti munthu apulumuke. Wovomera opareshoni sakukana mphatso ya Mulungu, koma akusunga moyo, umene uli mphatso yoposa diso.

Inu makatekisiti, kanenani m'miphakati yonse kuti diso likalasidwa, tsiku lomwelo ku chipatala, osathiramo kanthu. Ndipo mbale wathu akabwerako ndi diso limodzi, tisamtche maina, tisafunefune mfiti. Timyendere, timlimireko munda.

Lusiya Woyera, nkhoswe ya odwala maso, amene timamkumbukira pa 13 Disembala, atipempherere. Amen.